Ananyamula Ndani?

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino gawo ndi langa, ndiye mundilole ndikuyendetseni pang'ono. Ine ndine wa geni. Ndimagulitsa nyemba, mpunga wa Kilombero ndi zitenje pano pa Phwezi, m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo kawiri kapena katatu pa chaka ndimawoloka Songwe kukaoda katundu ku Tanzania. Muyenera kudziwa kuti ife a geni timayenda kuposa anduna, koma kuona ndiye ayi. Mukatifunsa kuti ku Karonga kuli chiyani, tikuuzani mtengo wa mpunga. Ku Mbeya? Tikuuzani kuti shilingi ikusinthidwa bwanji. Maso athu amakhala pa katundu, kuopa kuti wina angatsike naye.

Pamsewu womwewu pamadutsanso azungu aja a zikwama zakumsana. Ambiri ndi ana ang'onoang'ono ochokera ku Germany, Holland, Denmark. Ena ndi atsikana, okhaokha, opanda owaperekeza. Sakukaoda kanthu, sakupita kumaliro, akungoyenda kuti aone. Funso linandikhala pamtima kwa nthawi yaitali: kodi kuyenda kongoona kunalembedwera iwo okha? Ku mizinda yakwawoko ine sindingafikeko, pakufunika viza ndi ndalama ya ndege yoposa mpamba wanga wonse. Koma ku Tanzania Mmalawi salipira viza, chiphaso chokha basi. Ndiye kwa chaka ndi theka ndinkapatula kangachepe, ndipo mu September chaka chatha ndinanyamuka ndekha ulendo wa masiku 12: Khondowe, Karonga, Mbeya, Dar es Salaam, Zanzibar. Benchi ndinasiyira mng'ono wanga, ana awiri ndinasiyira amayi.

Musaganize kuti anandiimbira m'manja. Amayi anandifunsa m'Chitumbuka chathu, "Ukuluta nkhu wekha?" Nditawafotokozera anangoti kukamwa pululu, kenako n'kuti ndalama imeneyo bwenzi nditagula malata. Kumsika ndiye kunali nkhani. Mkazi akapita ku Dar osakaoda, eti, ndiye kuti kuli mwamuna akumudikirira. Mwamuna akayenda amati ndi wozindikira, mkazi akayenda amati ndi woyendayenda, ndipo mukudziwa tanthauzo la mawu amenewo. Ndinamva, ndinapita.

Poti ndine wa sikelo, malo aliwonse ndinkawayeza. Mbali imodzi ndinkaika ndalama ndi thukuta zimene ndatayapo, mbali inayo zimene ndabwera nazo m'mutu. Ndikuuzani mmene sikelo inagwera.

Ndinayambira pafupi. Ndinatsika phiri la Chiweta pa minibasi mpaka pa Chitimba, n'kuyamba kukwera msewu wa Gorodi wapansi. Ndi makilomita pafupifupi 15 okwera okhaokha, ndipo msewu umapindika ngati njoka malo pafupifupi 20. M'chikwama munali zovala zosinthira, zitenje ziwiri, botolo la madzi, chigumu ndi chiphaso. Chiyambire kukula, aka kanali koyamba kunyamula katundu amene sindikukagulitsa. Njira yonse ndinkakumana ndi amayi akutsika ndi mabeseni a tomato ndi kabichi pamutu, kupita kunyanja. Mmodzi anandifunsa kuti katundu wanga ali kuti, watsogola pa galimoto? Nditati ndilibe, ndikungokaona mathithi, anaseka mpaka beseni linagwedera.

Mathithi a Manchewe ndi otalika mamita pafupifupi 125. Ukaima pamwamba, madzi amagwa osaona pamene akufikira, ndipo kutsogolo kwako nyanja yonse ili mbee, mapiri a ku Tanzania akuoneka tsidya. Kuseri kwa madziwo kuli phanga, ndipo mnyamata wondilondolera anandilowetsa. Mmenemo ndi mmene Aphoka ankabisala nthawi ya nkhondo za Angoni. Taganizani, mayi ali ndi khanda kumsana, mwala woterera, phokoso la madzi ndi limene likubisa kulira kwa mwana. Ndinalipira ndalama yosakwana ndowa ya nyemba. Sikelo inagwera mbali yanga kwambiri, mpaka ndinachita ngati ndawabera.

Pa Khondowe penipeni, pamene ambiri mumati Livingstonia, ndinagona usiku umodzi. Mishoniyi inayambira ku Cape Maclear mu 1875, n'kusamukira ku Bandawe mu 1881, kenako Dr Robert Laws anaikweza kuphiri kuno mu 1894, kuthawa malungo a kunyanja. Nyumba yake yamiyala, Stone House, ya mu 1903, lero ndi yosungiramo zakale: zithunzi, makalata, zipangizo zake. Panja pali miyala yoyalidwa pansi yolemba Aefeso 2:14. Nkhani yake ndi ya mu 1959, nthawi ya chipwirikiti cha Chitaganya. Boma la atsamunda linaponya uthenga kuchokera mu ndege kufunsa ngati azungu a pamishoni akufuna kuwathawitsa. Yankho linali vesi limeneli, lonena za khoma lolekanitsa anthu limene linagumulidwa, kutanthauza kuti sachoka, akuda ndi oyera akhala limodzi. Katseguleni Baibulo mukaliwerenge nokha.

Koma miyendo yanga inali ikuwawabe chifukwa cha Gorodi, ndipo ululu umenewo ndi umene unandipatsa funso limene ndinayenda nalo ulendo wonse. Khondowe inali ndi madzi a m'mipopi ndi magetsi kumayambiriro kwenikweni kwa zaka za m'ma 1900. Mapaipi, makina, magalasi a m'tchalitchi, zonsezo zinabwera pa sitima mpaka kugombe la Chitimba. Nanga kuchoka pagombe kufika pamwamba apa, ananyamula ndani? Ine kachikwama kanga kokha kanandiliza. Ndinayang'ana m'zipinda zonse, mayina a onyamulawo sindinawaone. Dzina la Laws lili ponseponse, ndipo ndi loyenera, munthu uja anagwira ntchito zaka zoposa 50 m'dziko muno. Koma phiri lija silinakweredwe ndi munthu mmodzi.

Ndisanachoke pa Khondowe ndikukumbutseni za Legson Kayira, amene anaphunzira pa sukulu ya pomwepa. Mu 1958 ananyamuka wapansi, wopanda nsapato, ati akupita ku America kukaphunzira. Anayenda mpaka Kampala, kenako Khartoum, ndipo mu 1960 anakafikadi ku koleji ya Skagit Valley. Buku lake la I Will Try ena munaliwerenga. Ndiye wina asakunamizeni kuti kuyenda wekha ndi kathumba n'chikhalidwe chachizungu. Mnyamata wakumpoto kuno anachita zimenezo azungu a zikwamawa asanabadwe.

Karonga ndaidutsa kosawerengeka, koma ku nyumba ya zakale ija, Cultural and Museum Centre, imene inatsegulidwa mu 2004, ndinali ndisanapondeko. Ili pafupi, kabaza amakufikitsa. Ukangolowa umakumana ndi chigoba cha Malawisaurus, chinyama chakalekale chotalika kuposa minibasi, chimene mafupa ake anafukulidwa m'boma lomwelo. Ana angasangalale nacho. Koma ine chimene chinandiimitsa ndi kachibwano kakang'ono kamene kanapezeka ku Uraha mu 1991, ka munthu wa zaka pafupifupi 2.4 miliyoni zapitazo. Pamsewu womwe timakanganapo za Mtumbuka, Mngonde, Mchewa, panali kale munthu mitundu yonseyi isanatchulidwe.

Ku Karonga komweko ndinamva bwino nkhani ziwiri zimene kusukulu tinangoloweza kuti tikhoze mayeso. Yoyamba ndi ya Mlozi, wogula ndi kugulitsa akapolo amene anali ndi linga ku Mpata ndipo anapachikidwa mu December 1895. Yachiwiri ndi nkhondo ya pa 9 September 1914, pamene asilikali a Germany ochokera ku Tanganyika anamenyana ndi a Britain pa Karonga. Manda a nkhondoyo alipo, osamalidwa bwino, ndipo mayina amene ndinawerenga pamiyala anali achizungu. Chonsecho pa nkhondo imeneyo amuna a Nyasaland pafupifupi 200,000 anatengedwa kukhala atengatenga, kusenza chakudya ndi zipolopolo m'mapiri mopanda misewu, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Mu 2021 bungwe la ku Britain losamalira manda a nkhondo linavomera poyera kuti anthu akuda miyandamiyanda sanakumbukiridwe ndi mayina awo ngati azungu, ndipo linapepesa. Karonga pa sikelo yanga: kutentha kwake n'koopsa, koma tsiku limodzi lokha limakubwezera kawiri.

Kuchoka apo ndi Songwe, Kasumulu, kukwera mapiri a Tukuyu odzaza nthochi ndi tiyi, mpaka Mbeya. Kwa amene simunawolokepo, kumbukirani zinthu ziwiri. Wotchi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi. Komanso m'Chiswahili maola amayamba kuwerengedwa dzuwa likatuluka, ndiye akati "saa moja asubuhi" akunena 7 koloko m'mawa. Funsani kawiri musanagule tikiti. Mbeya yeniyeniyo ndinene chilungamo, ndi mzinda wa geni. Mwanjelwa ndi msika wabwino kwa wokaoda, koma kwa wongoona ndi fumbi, mahutala ndi mphepo yozizira. Ndinadya nthochi zophika ndi nyama, ndinayang'ana phiri, ndinagona. Sikelo inaima pakati.

Chimene ndinapitira ku Mbeya ndi sitima ya pamtunda ya TAZARA. Masiku onse ndimakwera basi poti ndimathamangira katundu. Njanjiyi inamangidwa kuyambira 1970 mpaka 1975 ndi thandizo la China, makilomita 1,860 kuchoka Dar es Salaam kufika Kapiri Mposhi, kuti mkuwa wa Zambia upeze njira yopita kunyanja yosadzera m'maiko amene ankalamulidwa ndi azungu kumwera. Kwa mkazi woyenda yekha ndi yabwino chifukwa m'zipinda zogona amayi amakhala paokha, abambo paokha. Kuchoka Mbeya ndi ulendo wa usana ndi usiku. Sitima imalowa m'mapanga obooledwa m'mapiri pakati pa Makambako ndi Mlimba, ndipo kutacha tinadutsa m'nkhalango ya Nyerere, yomwe kale inali mbali ya Selous. Ndinaona akadyansonga ndi mbidzi pawindo, osalipira khobiri lina lililonse. Pamenepo ndiye basela.

M'chipindamo tinali ndi mtsikana wa ku Denmark. Chizungu changa cha Fomu 4 chinagwira ntchito. Anandiuza kuti anayendapo yekha mizinda yakwawoko, Amsterdam, Hamburg, Stockholm, ndipo anandiseketsa ndi nkhani ya kwawo ku Copenhagen. Kuli chiboliboli chotchuka dziko lonse cha mtsikana wa mchira wa nsomba, chokhala pamwala m'mbali mwa nyanja kuyambira 1913. Anthu amakwera ndege kukachiona, akafika amapeza kuti n'chachifupi ngati mwana wa Sitandade 3, mita imodzi ndi pang'ono. Amajambula, n'kubwerera atakhumudwa. Ndinamuonetsa Manchewe pafoni, iye n'kuti amenewo ndiye malo. Ndinaphunzirapo kuti kutchuka kwa malo ndi kulemera kwake ndi zinthu ziwiri, monga mmene nyemba zowala pamwamba pa ndowa sizikuuza za pansi.

Dar es Salaam ndinkaidziwa mbali imodzi yokha, Kariakoo, kumene timapikula zitenje ndi nsapato. Ulendo uno ndinalowamo manja ali m'thumba. Kodi mukudziwa kuti dzinali linachokera kuti? Ndi Chingerezi chopindidwa, Carrier Corps, gulu la onyamula katundu a nkhondo ya 1914 mpaka 1918, amene msasa wawo unali pamalopo. Atengatenga omwe aja! Zaka zonsezi ndakhala ndikusenza mitolo pamutu m'misewu yotchedwa dzina la osenza. Ndinaima pakona n'kumayang'ana anyamata okoka ngolo, amayi a ku Congo, Zambia ndi kwathu kuno akulimbana ndi zikwama zamizeremizere zija. Msika waukulu unapsa mu July 2021, koma geni sinaime, ndipo kusenza sikunasinthe.

Pakati pa mzinda pali chipilala cha Askari cha mu 1927, msilikali wachikuda ataloza mfuti kudoko. N'chaching'ono, chili pa raundabauti, magalimoto akuzungulira, ndipo wothamanga angachidutse osachiona. Koma mawu olembedwa pamenepo amatchula asilikali pamodzi ndi onyamula katundu. Mayina palibe, komabe ndi malo oyamba paulendo wanga pamene mwala unavomera kuti anthuwa analipo. Nyumba zazitali zagalasi, mabasi a mwendokasi ndi mlatho wa Kigamboni ndi zokongola, ndinajambula, koma pofika madzulo zinali zitatuluka kale m'mutu. Chimene sichinatuluke ndi nyanja ya mchere. Ife timadziwa nyanja yokhazikika. Iyi imathawa, kusiya mabwato atagona pamchenga, pakapita maola n'kubwerera. Ndinakhala pafupi ndi msika wa nsomba wa Kivukoni mpaka ndinaiona ikubwera ndi maso anga.

Zanzibar ndiyo inadya ndalama zambiri. Boti limatenga pafupifupi maola awiri ndipo mlendo amalipira kuposa nzika. Mu Stone Town tinjira n'topapatiza, zitseko zosemedwa mwaluso, ndipo madzulo ku Forodhani amawotcha zam'nyanja zamitundumitundu. Chitenje chinandithandiza, chifukwa ndi dera la Asilamu ndipo mkazi amafunda mapewa. Wondilondolera ananditengera ku nyumba ya Freddie Mercury, woimba amene anabadwira pachilumbapo mu 1946. Azungu anali pamzere. Ine nyimbo zake sindizidziwa, ndiye ndinangoti zikomo, tiyeni. Pa sikelo yanga sinagwedeze n'komwe muvi, ngakhale kwa ena ndi chuma.

Kenako tinafika ku Mkunazini. Apa panali msika wa akapolo umene unatsekedwa mu 1873, ndipo pamalo pomwepo a Anglican anamangapo tchalitchi chachikulu. Mkati muli mtanda wopangidwa ndi mtengo wa ku Chitambo, ku Zambia, umene pansi pake anakwirira mtima wa David Livingstone. Mtembo wake unasenzedwa miyezi yambiri mpaka ku Bagamoyo ndi gulu lotsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, ndipo Chuma anali Myao. Awiriwa mwina ndi onyamula okhawo amene tonse timawadziwa mayina. Panja pali dzenje, muli ziboliboli zisanu za anthu omangidwa unyolo m'khosi. Amakulowetsanso m'zipinda zapansi, denga lake lofupika, mpweya wochepa, zimene amati ankasungiramo anthu.

Wondilondolera atamva kuti ndine wa ku Malawi anasiya kulankhula mothamanga. Anati ambiri amene anagulitsidwa pano anachokera kunyanja kwanu, ankawatcha Wanyasa. Anawolotsedwa kuchokera ku Nkhotakota ndi madoko ena, n'kuyenda wapansi mpaka Kilwa, ena atasenza minyanga ya njovu. Ndinakumbukira Mlozi, ndinakumbukira phanga la Manchewe. Njira imene ine ndinayenda pa minibasi, sitima ndi boti, ndikudya chipisi, ena anayenda yonga yomweyo ali katundu iwo eni. Anzanga, ine ntchito yanga ndi kuika mtengo pa zinthu. Ndimadziwa mmene wogula amafinyira, kutembenuza, kunyoza kuti mtengo utsike. Kuima pamalo pamene zimenezo zinkachitikira munthu, mwina wa mfunda wanga, ndinakhala pansi pa sitepe. Apa sikelo ndinaisiya. Pali zinthu zina zosayezeka.

Mwina mukufunsa kuti zinandidyera zingati. Sindibisa. Mpamba unaonda, ulendo wokaoda wa Khirisimasi ndinapita ndi theka la ndalama za masiku onse, makasitomala awiri a mpunga anazolowera benchi ina, ndipo malata aja sanagulidwe mpaka lero. Miseche nayo sinatheretu. Kwa amayi anzanga ofuna kuyesa, nazi zimene zinanditeteza: fikani pamalo dzuwa lisanalowe, ndalama muzigawe malo atatu, m'basi khalani pafupi ndi amayi anzanu, madzulo aliwonse uzani munthu mmodzi kwanu pa WhatsApp kumene mwagona, ndipo wokufunsani ngati muli nokha simukakamizidwa kumuyankha zoona.

Mukati ndisanje, ndisanja chonchi. Pamwamba Mkunazini, ngakhale si malo osangalatsa. Kenako Manchewe ndi Gorodi wake, kenako Karonga, kenako sitima. Onani kuti awiri mwa anayiwa ali m'dziko mwathu momwemuno, ndipo ochokera ku Mzuzu kapena Rumphi angapite Loweruka n'kubwerera Lamlungu. Inu a ku Zomba muli ndi chipilala cha asilikali a KAR, a ku Nkhotakota muli ndi mkuyu wa Livingstone ndi Jumbe, a ku Dedza muli ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni. Munalowako liti? Ndipo mukapita, mukawerenge dzina lolembedwa pamwala, kenako mukafunse kuti mwalawo anausenza ndani.

Nditabwerako ndinapita kumudzi kwa agogo anga aakazi, amene maso anasiya koma mutu uli bwinobwino. Ndinawafunsa ngati kwathu kunali wina amene anapita ku utengatenga. Anakhala chete, kenako anati agogo awo aamuna anatengedwa ndi amesenjala a boma, anabwerako patatha zaka ziwiri mapewa ali zipsera, ndipo mpaka imfa yawo sankalola mwana kuwakwera pamsana. Ananditchulira dzina. Zaka zonsezi palibe anawafunsapo. Ndalilemba patsamba loyamba la kope langa la ngongole, poti ndilo buku limene ndimatsegula tsiku lililonse, ndipo ana anga aliloweza. Amene muli ndi agogo amoyo, kafunseni sabata ino, mawa si lathu.